Mawu a M'mawa: Kuseka kwa Tobiya ndi Kuseka kwa Ambuya

Mwadzuka bwanji, abale ndi alongo mwa Ambuye?

Pamene Nehemiya ndi anzake ankamanganso linga la Yerusalemu, Tobiya Mwamoni anawaseka ponena kuti ngakhale nkhandwe itakwerapo, linga lawolo likhoza kugumuka (Nehemiya 4:3). Mawuwo anali oseketsa ndithu, koma anawalankhula kuti manja a omanga alefuke. Lingalo linathabe m'masiku 52, ngakhale kuti omangawo anavutika mumtima mpaka kulirira Mulungu kuti amve mmene ankanyozedwera.

Kuseka kwina ndinakuona m'shopu ya atelala kufupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata, kum'mawa kwa Zambia. Mtsikana wachingoni amene ankaphunzira kusoka anadula molakwika mkono wa diresi la kasitomala, chitenje chotsala chinali chosakwanira, ndipo anangoti zii, sizasi ili m'manja, misozi ili m'maso. Mayi mwini shopu, amene ndi Mbemba, anayang'ana nsaluyo n'kunena kuti, "Mwana wanga, inu anthu a kum'mawa munazolowera kutumbula mbewa, ndiye waona ngati chitenjechi chili ndi matumbo." Onse anaphulika ndi phwete, mtsikanayo n'kuyankha kuti, "Ambuya, bola ife, nanga inu odya anyani?" Amene sadziwa chimbuya cha Angoni ndi Abemba, ubale wonyozana mwanthabwala pakati pa mitundu iwiriyi, angaganize kuti panabuka mkangano, koma mayiwo anali atakoka kale mpando n'kukhala pambali pake.

Chimene chinandikhudza n'chakuti mantha atachoka, mtsikanayo ndiye anapereka nzeru yoti mikono yonse iwiri aisoke ndi zidutswa za chitenje china zimene zinali m'thumba pansi pa makina. Anamuimbira foni kasitomala, iye anavomera, ndipo diresilo linakongola kuposa mmene anagwirizanirana poyamba. Sindikhulupirira kuti nzeru imeneyo ikanatuluka pakamwa pa mwana wokalipidwa, pakuti munthu wochititsidwa manyazi amaganiza zodziteteza basi. Miyambo 17:22 imafanizira mtima wokondwa ndi mankhwala ochiritsa, koma Miyambo 26:18-19 imafanizira ndi wamisala woponya mivi munthu amene amanyenga mnzake kenako n'kumati ankangoseka.

Tipemphere. Atate, lero tikakumana ndi mnzathu amene walakwitsa ntchito, kaya mu ofesi, m'kalasi kapena kumunda, mutichotsere pakamwa mawu a Tobiya, ndipo mutipatse mtima wokhala naye pansi mpaka zolakwikazo zitakonzeka. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.