Makalata a Omvera: Kodi Kuyembekezera N'kudikira Chabe?

Kalata yoyamba lero yachokera kwa mtsikana amene akukonzekera mayeso, ndipo wapempha kuti tisamutchule dzina. Walemba kuti: "Aphunzitsi anandiuza kuti, 'Tikuyembekezera zambiri kwa iwe.' Kunyumba bambo nawonso amanena zomwezo. Kodi akutanthauza kuti akundidikira? Nanga bwanji ndikamva mawuwa tulo timandithawa?"

Mwanangu, wafunsa bwino. Kudikira ndi kuyembekezera ndi mawu apachibale, koma sagwira ntchito imodzi. Kudikira ndi nkhani ya nthawi: umadikira basi, umadikira kuti mvula ikate. Basi ikafika, zatha. Kuyembekezera kuli ndi mtima mkati. Mawuwa amachokera ku mneni woti kuyembekeza, komwenso kumachokera dzina loti chiyembekezo, lomwe makolo ena amapatsa ana awo. Munthu woyembekezera amakhala ataika mtima pa chinthu chimene sanachione, n'chifukwa chake chikapanda kuchitika amadandaula kuti wagwiritsidwa mwala.

Tsono aphunzitsi ndi bambo ako aona nzeru mwa iwe, ndipo akukudalira. Chimene chikukusowetsa tulo, m'kuona kwanga, ndi liwu lakuti "zambiri". Liwu limeneli lilibe malire. Ukakhoza bwino, wina atha kunenabe kuti sizinakwane. Pita ukawafunse mwaulemu kuti, "Bambo, zambiri zake ndi ziti?" Akatchula chinthu chenicheni, udzadziwa pogwira.

Kalata yachiwiri ndi yaifupi, yochokera kwa bambo wina: "N'chifukwa chiyani mayi wapakati timati ndi woyembekezera?"

Bambo, choyamba ndi ulemu. Kunena pagulu kuti "ali ndi mimba" ambiri amakuona ngati kulankhula mosapsatira. Koma ine chimandigwira mtima ndi china. Mayi woyembekezera sakhala manja lende kwa miyezi 9 ija. Amapita kusikelo, amasamala zakudya, amakonzeratu zofunda za mwana amene sanamuone nkhope. Thupi limene limatopa ndi lake.

Ndikamamva akuluakulu akuuza ana kuti akuyembekezera zambiri, ndimalakalaka atamayembekezera ngati mayi ameneyu, iwonso n'kusenzako mbali ya katunduyo. Bambo a mtsikana uja, ngati mukumvera, madzulo ano mumufunse phunziro limene likumuvuta, ndipo mumulole afotokoze mpaka amalize.