Belo Yolipira Ndalama: Mkangano wa ku America ndi Zimene Lamulo Lathu Limanena

A mfumu, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpata. Amene muli kumbuyoko, mukapanda kumva mukweze dzanja.

Munthu akamangidwa, khoti lisanagamule, lamulo limamuona ngati wosalakwa. Belo ndi yoti adikire mlandu wake ali kwawo, atalonjeza kuti tsiku la khoti adzabwera. Ku America nkhani imeneyi yawagawa anthu pakati, ndipo mutu wa mkangano ndi ndalama.

M'madera ambiri kumeneko woweruza amatchula mtengo. Uli nazo ndalama, ulipira, ukagona kwanu. Ulibe, ukagwada kwa anthu ochita bizinesi ya belo. Iwowo amakuimirira kukhoti, iwe nkuwapatsa kawirikawiri madola 10 pa madola 100 alionse, ndipo zimenezo sizibwerera ngakhale ukapezeke wosalakwa. Ine ndimati ameneyu ndi katapila wovala tayi. Bizinesi yotereyi imapezeka ku America ndi ku Philippines basi.

Mu 2010, mnyamata wa zaka 16 wa ku Bronx mumzinda wa New York, Kalief Browder, anamangidwa pomuganizira kuti waba chikwama. Belo anaiika pa madola 3,000, abale ake osakwanitsa. Anakhala kundende ya Rikers Island zaka zitatu mlandu osazengedwa, pafupifupi ziwiri mwa zakazo atatsekeredwa yekhayekha m'kachipinda. Mu 2013 mlandu anangousiya, iye natuluka. Mu 2015 anadzipha. Chifukwa cha chikwama, abale anga, chimene palibe khoti linanenapo kuti anabadi.

Nkhani zoterezi zinachititsa madera ena kusintha. New Jersey inachepetsa kwambiri belo yandalama mu 2017. Illinois inaithetseratu pa 18 September 2023, dera loyamba kutero. New York inasintha lamulo lake mu 2019, koma anthu atadandaula analikonzanso mu 2020, 2022 ndi 2023. Otsutsa, makamaka apolisi ndi andale a chipani cha Republican, amati wotuluka osalipira kanthu amakabwereza zomwezo. Mu August 2025 Pulezidenti Donald Trump anasaina chikalata choopseza kuti boma lidzamana ndalama madera othetsa belo yolipira.

Nkhawa yawoyo musaipeputse. Amene munaberedwapo mbuzi mukudziwa mmene mtima umawawira kukumana ndi wokuberaniyo pamsika mawa lake. Koma ndalama imatiuza chiyani za munthu? Imangotiuza za thumba lake. Chigawenga cholemera chimalipira tsiku lomwelo, wosauka wa kamlandu kakang'ono nkumaola mkati, ntchito kutha, ana kusiya sukulu. Ndipo ku Illinois sanangotsekula zitseko ayi. Woimira boma angapemphe kuti munthu asatuluke, woweruza namva mbali zonse, funso likhale lakuti kodi athawa, kodi avulaza wina.

Kwathu kuno ku Malawi, gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wotuluka, pa belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti akhale mkati. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Ndibwereze: ndi yaulere. Wina akakunong'onezani kuti mupereke kangachepe kuti m'bale wanu atuluke m'chitokosi, zimenezo ndi ziphuphu, ndipo bungwe la ACB lilipo chifukwa cha zomwezo.

Kukhoti nkosiyana. Woweruza angalamule ndalama ya chikole, ndiye polipira mutenge lisiti ndi kulisunga bwino, chifukwa munthu akatsata zonse zimene analamulidwa ndalamayo imayenera kubwezedwa mlandu ukatha. Amafunanso achibale omuimirira. Apa mumve bwino, inu amalume: mukasainira mwana wa mlongo wanu iye nkuthawira ku Joni, ndalama imene munasainirayo khoti lidzaifuna kwa inu. Amene mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau.

Tsopano mafunso. Mayi awo aimika dzanja kalekale, yambani ndinu.