Kachikwangwani ka pamjigo kaja: ndalama za makalabu othandiza anthu zimayenda bwanji?

(Chithunzi: amayi akupopa madzi pamjigo, zidebe zili pamzere. Kamera iyandikire kachikwangwani kojambulidwa gudumu lokhala ndi mano.)

Mwina munatungapo madzi pamjigo wokhala ndi kachikwangwani aka, chizindikiro cha makalabu othandiza anthu a Rotary. Kapena munaperekezapo agogo kukachotsa ng'ala kuchipatala cha maso cha Lions, pa Queen Elizabeth ku Blantyre kapena pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Kumudzi timangoti anatipatsa ndi azungu. Koma mukalondola bwino, mupeza kuti amene analemba makalata, kupita kwa amfumu ndi kusunga malisiti ndi Amalawi anzathu, madokotala, aphunzitsi, owerengera ndalama ndi amalonda, amene amagwira ntchitoyi popanda malipiro. Lero tilondola ndalamazo kuchokera m'thumba la membala kufikira madzi atuluke pampopi, ndipo tiona malo amene zinthu zimakonda kukhotera.

(Chithunzi: msonkhano wa kalabu, belu patebulo.)

Rotary inayamba pa 23 February 1905 mumzinda wa Chicago ku America. Loya wina dzina lake Paul Harris ndi anzake atatu ankakumana mosinthanasinthana m'maofesi awo, ndipo dzinali linachokera pa kuzungulira kumeneko. Lions, gulu lina la makalabu otere, nayo inabadwira mumzinda womwewo mu 1917, ndipo inatchuka ndi ntchito ya maso kuyambira mu 1925, pamene Helen Keller, mayi wosaona komanso wosamva, anawapempha kuti akhale omenyera nkhondo anthu osaona. Ife titsamira pa Rotary, chifukwa kayendetsedwe kake ka ndalama nkosavuta kukaonetsa.

Choyamba kumvetsa ndi ichi: kalabu yoyenda bwino imakhala ndi matumba awiri, ndipo saloledwa kusakanikirana. Thumba loyamba ndi la mamembala okha. Muli ndalama za umembala, za chakudya cha pamsonkhano, ndi zimene kalabu imapereka kulikulu. Thumba lachiwiri ndi la anthu. Muli zimene zapezeka pampikisano wa gofu, pamgonero wa chakudya wogulitsa matikiti, paulendo wa ndawala, kapena zimene kampani yapereka. Munthu amene wagula tikiti atauzidwa kuti ndalama zikagulira mabedi a m'chipinda cha amayi oyembekezera ayenera kupeza mabediwo. Kalabu ikatapa m'thumba lachiwiri kuti ilipire holo ya msonkhano wake, ngakhale itati ndi ngongole chabe, yayamba kale kuwola, ndipo makampani amamva fungo msanga.

Ntchito zambiri za kalabu sizilira ndalama zochuluka. Zimalira manja ndi kalendala. Chitsanzo chabwino ndi magazi. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ophunzira a m'sukulu za sekondale ndi m'makoleji, choncho sukulu zikatsekera, magazi amachepa m'zipatala. Kalabu yoganiza bwino imaika tsiku lake lopereka magazi mkati mwa holide, imagwirizana ndi bungwelo milungu ingapo tsikulo lisanafike, imapeza malo a mthunzi okhala ndi mipando ndi madzi akumwa, kenako mamembala eni ake amayamba kupinda malaya. Munthu mmodzi amapereka magazi osafika theka la lita. Achinyamata a m'makalabu a pansi pa Rotary, a Interact, a zaka 12 mpaka 18, ndi a Rotaract, a zaka 18 kupita m'tsogolo, ndiwo amathandiza kwambiri kuitana anthu.

(Chithunzi: mapu a Malawi, mzere ukuchokera kumudzi kupita kunja.)

Tsopano tibwere pamjigo. Ntchito ikakula kuposa thumba la kalabu, pali njira yotchedwa global grant, thandizo lochokera ku Rotary Foundation, nthambi ya Rotary yosunga ndi kugawa ndalama za thandizo. Malamulo ake ndi okhwima, ndipo ife timaona kuti kukhwimako nkoyenera.

Bajeti yonse isachepere madola 30,000 a ku America. Pakhale makalabu awiri: ya kuno, imene idzayang'anire ntchito, ndi ya dziko lina, imene idzathandize ndi ndalama. Kalabu ya kuno ikhale yovomerezeka chaka chimenecho, kutanthauza kuti atsogoleri ake anachita maphunziro a kasamalidwe ka ndalama za thandizo ndipo anasayinira pangano. Ndalamazo zikhale ndi akaunti yakeyake kubanki, yosayinira anthu awiri. Ndipo pempho lisanalembedwe, kalabu ikafunse kaye eni mudzi.

Apa tichedwepo, chifukwa ntchito zambiri zimafera pomwepa zisanabadwe. Kufunsa mudzi sikutanthauza kuima pansi pa mtengo nkufuula kuti, "Kodi mukufuna mjigo?" Palibe mudzi umene ungakane. Mumayamba ndi ofesi ya zamadzi kukhonsolo ya boma, chifukwa iwo amadziwa midzi imene ili ndi mijigo, imene inauma, ndi imene bungwe lina lailonjeza kale. Kenako amfumu ndi komiti yachitukuko ya m'mudzi. Kenako amayi paokha, abambo atapatuka, chifukwa otunga madzi ndi iwo, ndipo pamaso pa agulupu ambiri sayankhula. Mafunso ake akhale ogwirika: mumatunga kuti mwezi wa October? Mumadzuka nthawi yanji? Mjigo uja uli kuseri kwa sukulu unaleka liti, ndipo chinafa nchiyani? Kawirikawiri yankho limadabwitsa. Mudzi uli ndi mjigo kale, chimene chinatha ndi kamphira ka mkati, ndipo palibe amene anaphunzitsidwa kukasintha. Pamenepo ndalama zokumbira mjigo umodzi watsopano zikhoza kudzutsa yakale ingapo. Kukonza sikukopa makamera ngati kudula riboni, koma madzi ndi omwewo.

(Chithunzi: bolodi, dzanja likulemba masamu.)

Ndalama zimaunjikana chonchi. Mamembala padziko lonse amapereka kuthumba lapachaka la Rotary Foundation. Zimasungidwa zaka zitatu, kenako pafupifupi theka limabwerera kuchigawo cha Rotary chimene zinachokera, lina limapita kuthumba la dziko lonse. Makalabu a ku Malawi ali m'chigawo 9210, pamodzi ndi a ku Zambia, Zimbabwe ndi mbali ina ya Mozambique. Malinga ndi malamulo amene anayamba mu 2021, chigawo chikaika madola 100 pantchito, thumba la dziko lonse limawonjezera 80. Tiyerekeze: chigawo cha kunja chaika 12,000, chathu chaika 3,000, zakwana 15,000. Thumba la dziko lonse liwonjezera 12,000, zafika 27,000. Otsala 3,000 asonkhe makalabu, ndipo pa ndalama zotere zodutsira ku Foundation amawonjezerapo 5 pa 100 iliyonse ya kayendetsedwe, amene pano ndi madola 150. Manambalawa amasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho mlembi wa kalabu aziwerenga malamulo a chaka chimenecho asanalonjeze amfumu kanthu.

(Chithunzi: galimoto yokumba mijigo, fumbi, kenako matope.)

Ndalama zafika. Boma limawerengera mjigo umodzi pa anthu pafupifupi 250, ndipo munthu asayende mtunda woposa mamita 500 kukatunga. Malo okumba asankhidwe ndi katswiri woyeza madzi apansi, mogwirizana ndi mudzi, osati pakhomo pa munthu wolemekezeka. Mjigo ukakhala pabwalo la munthu, pakapita zaka ziwiri umakhala ndi loko. Utalikirane ndi zimbudzi, manda ndi makola mamita osachepera 30, ndipo usakhale kumunsi kwake.

Nthawi yabwino yokumba ndi m'chilimwe, cha mu September mpaka mvula isanagwe, pamene madzi apansi atsika kwambiri. Mukakumba mu March mupeza madzi pafupi, aliyense avina, koma pofika October mjigo ukungotulutsa mphepo. Kampani yokumba ikhale yolembetsedwa ku National Water Resources Authority, ndipo pangano linene momveka kuti dzenje likapezeka louma alipira ndani. Tsiku lokumba pakhale munthu woimira kalabu kapena khonsolo, wowerenga mapaipi amene akulowa pansi mmodzimmodzi, chifukwa mamita olembedwa papepala ndi mamita a m'nthaka sakhala ofanana nthawi zonse. Madzi akapezeka, apopedwe ndi makina kwa maola angapo kuti aone ngati sakuphwa, ndipo ena apite kulabotale. Kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, madzi apansi amakhala amchere m'malo ambiri. Mjigo wotero amayi amauthawa nkubwerera kudambo, ndipo sopo sachita thovu ngakhale pochapa.

Pampu yofala kuno ndi Afridev, yokoka madzi kuchokera pansi mamita pafupifupi 45. Ubwino wake ndi woti anthu a m'mudzi akhoza kusolola ndodo zake ndi manja nkusintha zakutha, ndi sipanala imodzi ndi kachitsulo kokowera. Zimene zimatha msanga ndi timphira ta pansi ndi mabeyaring'i apulasitiki a pachogwirira. Chizindikiro chake nchosabisika: chogwirira chikayamba kugwedera cham'mbali, kapena m'mawa mukapopa kambirimbiri madzi asanabwere, china chatha. Mukachedwa, chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake, ndipo mtengo wokonzera umakwera kambiri.

Ndiye chifukwa chake bajeti yabwino imakhala ndi mzere wa maphunziro a komiti ya pamjigo, mmene muli amayi ambiri, msungichuma wodalirika, ndi kabuku ka zopereka za pamwezi za khomo lililonse. Komitiyo idziwane ndi mmisiri wa mijigo wa m'deralo, ikhale ndi nambala yake ya foni, ndipo idziwe sitolo ya patawuni yapafupi imene imagulitsa zipangizozo. Simenti ya pansi ndi ngalande yake zimangidwe motsetsereka, madzi otayika azikathera m'dzenje la miyala kapena m'kadimba, osati kusanduka chithaphwi cha nkhumba ndi udzudzu.

Vuto lina lili m'kalabu momwemo. Chaka cha Rotary chimayamba pa 1 July nkutha pa 30 June, ndipo pulezidenti amasintha chaka chilichonse. Ntchito ya madzi imatenga nthawi yoposa pamenepo. Watsopano akabwera ndi maloto ake, mafayilo a mnzake amagona m'buti ya galimoto. Koma Foundation imafuna lipoti miyezi 12 iliyonse, ndi lomaliza pasanathe miyezi iwiri ntchito itatha. Lipoti likachedwa, makalabu onse awiri satha kulandira thandizo lina, ndipo anzathu a kunja aja, amene anakhulupirira anthu amene sanawaonepo, sabweranso. Mankhwala ake ndi komiti ya anthu atatu kapena kuposerapo yosasintha mpaka ntchito ithe, ndi lisiti lililonse kulijambula tsiku lomwelo, chifukwa inki ya malisiti a makina imafufutika.

(Chithunzi: mwana akulandira madontho m'kamwa, chala chake chaching'ono chikupakidwa inki.)

Ndalama sizingolowa, zina zimatuluka. Kalabu ya ku Limbe kapena ku Mzuzu nayo imasonkha za ntchito za kunja, ndipo yaikulu ndi poliyo. Rotary inayambitsa ntchito yolimbana ndi poliyo yotchedwa PolioPlus mu 1985, ndipo mu 1988 inagwirana manja ndi World Health Organization, UNICEF ndi bungwe la America lolimbana ndi matenda la CDC. Nthawi imeneyo poliyo inkapuwalitsa ana pafupifupi 350,000 pachaka m'mayiko 125. Lero poliyo yachilengedwe yatsala yokhazikika m'mayiko awiri okha, Afghanistan ndi Pakistan. Pa dola iliyonse imene Rotary yasonkhera poliyo, Gates Foundation imaikapo madola awiri, mpaka pa madola 50 miliyoni a Rotary pachaka. Makalabu ambiri amatolera zimenezi cha pa 24 October, tsiku lokumbukira nkhondoyi.

Wina afunsa, ndipo funsolo nlomveka: dziko losowa mankhwala m'zipatala litumizirenji ndalama ku Pakistan? Africa inalengezedwa kuti yathana ndi poliyo yachilengedwe mu August 2020. Mu February 2022, Malawi inalengeza kuti mwana wa ku Lilongwe wapuwala ndi poliyo, ndipo atayeza kachilomboko anapeza kuti nkachibale ndi ka ku Pakistan. Patapita miyezi yochepa kanapezekanso kuchigawo cha Tete ku Mozambique. Panatsatira makampeni a katemera m'Malawi, Mozambique, Zambia, Tanzania ndi Zimbabwe, ndipo mliriwo analengeza kuti watha mu May 2024.

Pamakampeni otere, wobaya kapena wodonthezera katemera ndi wazaumoyo, osati membala wa kalabu. Ntchito ya odzipereka ndi kunyamula: kubwereketsa galimoto, kulankhula ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, kuyenda ndi chimkuzamawu pamsika, ndi kuthandiza kuti mabokosi ozizira asasowe ayezi. Mwana amalandira madontho awiri m'kamwa, kenako amapakidwa inki pachala chaching'ono cha dzanja lamanzere kuti gulu lobwera pambuyo lidziwe kuti walandira kale.

(Chithunzi: kabotolo ka katemera pafupi kwambiri.)

Taonani pachizindikiro cha kabotoloka. Pali kabwalo, ndipo mkati mwake muli kabokosi ka ngodya zinayi kowala. Katemera akamamva kutentha, kabokosiko kamada pang'onopang'ono. Kakadali kowala kuposa bwalo lozungulira, katemera ndi wabwino. Kakafanana nalo mtundu, kapena kulipitirira, botololo lisagwiritsidwenso ntchito ngakhale litakhala lodzaza, ndipo wodzipereka amene wanyamula bokosi aziliika pamthunzi nthawi zonse gulu likaima pakhomo.