Kwa amene mukuyamba kuyimbira basketball ya ana

Muli bwanji nonse m'gulu muno. Uthengawu ndi wanu amene Loweruka lino mugwira wezulo koyamba pa masewero a ana a sukulu kuno ku Chipata.

Fikani kudakali mphindi 30. Mabwalo athu ambiri ndi a simenti, ali pamtetete, ndiye sesetsani mchenga ndi timiyala, chifukwa mwana akaterereka pamenepo khungu la bondo limatsala pansi. Gwedezani mzati wa bolodi muone ngati walimba. Ndolo, mikanda, zibangili, zonse ana avule, zikhadabo zazitali awenge. Mpira wa ana aang'ono ndi saizi 5, atsikana okulirapo 6, anyamata akuluakulu 7. Malamulo a FIBA, bungwe loyang'anira basketball padziko lonse, amati zigawo zinayi za mphindi 10, koma kusukulu nthawi zina amafupikitsa, choncho mugwirizane ndi makochi komanso a patebulo (olemba zigoli ndi osunga nthawi) mpira usanayambe.

Tsopano nkhani yaikulu, poimirira. Mukakhala awiri, wina amatsogola, wina amatsatira. Wotsogola athamangire kunja kwa mzere wa kumapeto, aziona amene akukankhana pansi pa ring'i. Wotsatira akhale chakumbuyo kwa mpira, chakumbali. Osewera onse khumi akhale pakati panu awiri. Chimene chimapweteketsa oyamba kumene n'chakuti maso onse anayi amathamangira mpira. Mpira ukakwera m'mwamba, iwe wotsogola usautsate, chigongono chimagwa pansipa, pamene ana akulimbirana malo. Ndipo maso akhale pa wotchinga. Ngati anafika kale, mapazi onse awiri ali pansi, wayang'anizana ndi wampira, ndiye wagundidwa pachifuwa, faulo ndi ya wampirayo. Ngati wafika mochedwa n'kuponya chiuno kapena phewa m'njira, faulo ndi ya wotchingayo. Zimenezi simungazione mutaima malo amodzi ngati chitsa, suntha mpaka uone mpata umene uli pakati pa matupi awiriwo.

Wezulo imbani kamodzi, mwamphamvu. Wonong'ona amachititsa kuti ana ena aime ena akuthamangabe, pamenepo ndi pamene amagundana. Ikakhala faulo, nkhonya m'mwamba. Zikakhala zina, monga travelling (kuyenda ndi mpira osaugunditsa pansi) kapena double dribble (kuyambanso kugunditsa mpira pansi utaugwira kale), chikhatho chotambasula m'mwamba. Pa faulo pitani poti a patebulo akuoneni, imani kaye, onetsani nambala ya jezi, mtundu wa faulo, kenako chilango. Mwana akakwanitsa mafaulo 5 watuluka. Timu ikachita mafaulo anayi m'chigawo, kuyambira yachisanu anzawo amaponya ma free throw awiri (kuponya ku ring'i popanda wotchinga), kupatula ngati wolakwayo ndi wa timu imene ili ndi mpira.

Masekondi 5 oponyera mpira m'bwalo ndi 8 owolotsera mpira mzere wa pakati, werengani ndi dzanja aliyense aziona. Masekondi atatu amene wa timu imene ili ndi mpira saloledwa kupitirira ali m'bokosi la pansi pa ring'i, kwa ana aang'ono, yambani mwawachenjeza ndi mawu, "tuluka mwanawe", asanamve wezulo. Ukamuimbira, muuze mwachidule chimene walakwa, monga pa travelling, "wanyamula phazi usanagunditse mpira pansi". Ambiri sanauzidwepo. Koma chimene mwakhululukira a jezi yofiira, mukhululukirenso a yoyera, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Mwana akatuluka magazi, imitsani masewero, atuluke, abwerere magazi atasiya ndipo bala litamangidwa. Pa dzuwa la Okutobala simenti imatentha ngati chiwaya, ndiye pa mphindi ziwiri za pakati pa zigawo onetsetsani kuti aliyense wamwa madzi, inunso mumwe.