Thoko, chotsa kaye chithunzi chija pa gulu

Thoko, ndine mkulu wako. Ndatuluka pang'ono pa ntchito, ndiye ndilankhula mothamanga, koma umvere mpaka kumapeto. Chithunzi cha khadi lako la Social Security chimene waika pa gulu la banja chija, chichotse pompano, ndipo usankhe pofufutira onse. Ndikudziwa kuti wasangalala, nanenso tsiku limene langa linafika ndinavina ndekha m'nyumba. Koma kuno ku America manambala 9 a pa khadi limenelo ndiwe amene. Munthu akakhala nawo, n'kudziwanso dzina lako ndi tsiku lako lobadwa, atha kutenga ngongole kapena foni m'dzina lako, iwe uli phee m'kalasi. Pa gulu paja anthu ndi ambiri, ndipo mafoni ena amaseweretsa ndi ana. Khadi lenilenilo usamayende nalo m'chikwama, ulisunge pamodzi ndi pasipoti.

Izi sindinakuuzenipo chifukwa ndinkaopa kuti amayi ada nkhawa. Chaka changa chachitatu kuno ndinapeza nyumba yabwino yalendi, ndinali nditayeza kale ndi maso pomwe ndidzaike bedi. Mwini wake atayang'ana mbiri yanga ya ngongole, anangoti pepani. Ine kudabwa, chifukwa ndinalibe ngongole ndi munthu. Nditaitanitsa lipoti langa ndinapeza mafoni awiri otengedwa pa ngongole, osalipiridwa, pa adiresi ya ku Florida. Thoko, ine ku Florida sindinapondeko! Miyezi inatha ndikulemba makalata, nyumba ija inapita.

Ndiye tamvera mmene zimayendera. Pali makampani atatu akuluakulu osunga mbiri ya ngongole ya munthu aliyense: Equifax, Experian ndi TransUnion. Banki, mwini nyumba, wogulitsa galimoto, onse amafunsa kumeneko asanakukhulupirire. Lipoti lako umaliona mwaulere pa AnnualCreditReport.com, ndipo masiku ano amalola sabata iliyonse. Usalowe pa ena ofanana dzina amene amayamba ndi kukufunsa khadi la ku banki. Ukatsegula lipotilo, usathamangire sikoo, nambala yosonyeza mmene umabwezera ngongole. Yang'ana maadiresi, yang'ana maakaunti, kenako mndandanda wa amene afunsa za iwe posachedwa. Dzina la kampani imene sunapemphepo kanthu likaoneka pamenepo, dziwa kuti wina wayesa.

Uyamba kuona otsatsa credit monitoring, ena amafuna ndalama mwezi ndi mwezi. Ntchito yake ndi kukutumizira uthenga kuti akaunti yatsopano yatsegulidwa kapena wina wafunsa za iwe. Ndi yothandiza, ine ndili nayo yaulere ya ku banki yanga, ndipo imandikwanira. Koma imeneyo ndi galu wouwa mbala italowa kale. Loko wake ndi credit freeze. Ukaika freeze, wobwereketsa watsopano sangaone lipoti lako, ndiye wakuba uja amabwezedwa pakhomo. Kuyambira mu September 2018 lamulo linati freeze ikhale yaulere, patangotha chaka chimodzi akuba atathyola makompyuta a Equifax mu 2017 n'kutenga zinthu za anthu pafupifupi 147 miliyoni. Waona? Ngakhale wosamala bwanji, nambala yake itha kutuluka kudzera kwina.

Chovuta chake n'chakuti uyenera kuika ku makampani onse atatu, iliyonse payokha. Sikoo yako siitsika. Tsiku lofuna nyumba kapena khadi la ngongole, umaichotsa kwa kanthawi pa intaneti, ndipo amayenera kutsegula pasanathe ola limodzi. Mapasiwedi akewo uwalembe m'kabuku, osati m'foni mokha. Poti ndiwe watsopano, mwina akuuza kuti sakukupeza. Usadabwe, mbiri yako sinayambe, tidzayesanso ukatenga khadi lako loyamba la ngongole. Freeze siteteza khadi la ku banki limene uli nalo kale, choncho yatsa mauthenga a ku banki oti azilira pa chilichonse chimene chagulidwa, ngakhale cha dola imodzi.

Ukadzaona chachilendo usakhale nacho chete ngati mmene ndinachitira ine, manyazi achabechabe. Lowa pa IdentityTheft.gov, ndi ya boma, ya FTC, bungwe loteteza ogula, amakupatsa lipoti loti uzisonyeza. Kenako imbira imodzi mwa makampani atatu aja aike fraud alert, chenjezo louza obwereketsa kuti atsimikize kaye kuti ndiwedi, imakhala chaka chimodzi, ndipo iwowo amauza anzawo awiri aja. Wina akakuimbira kuti ndi wa boma, nambala yako yatsekedwa, umutchulire kuti aitsegule, ingodula foni.

Abwana ayamba kusuzumira pa windo. Loweruka m'mawa ndikuimbira pa vidiyo tichite limodzi, ukhale pafupi ndi laputopu. Chithunzi chija ndikuchionabe pa gulu, Thoko.