Makalata Anu: Nkhondo ya ku Scotland, Malo a ku Ireland

Takulandiraninso, omvera athu okondedwa. Kalata yoyamba lero yachokera kwa bambo wina wa ku Chinamwali, ku Zomba, amene ali ndi kanyumba koonetsera mafilimu. Akuti: "Achimwene, takangana ndi alamu anga mpaka tabetcherana botolo la Fanta. Iwo akuti filimu ya Braveheart anaijambulira ku Ireland. Ine ndikuti bodza, nkhaniyo ndi ya ku Scotland. Tiweruzeni."

Bambo, pepani, kaguleni Fanta uja. Nkhaniyo ndi ya ku Scotland ndithu, koma nkhondo zambiri zomwe ana amakuwa nazo m'kanyumba kanuko anazijambula ku Ireland mu 1994, pa chigwa cha Curragh ndi pa linga lakale la Trim. Ambiri mwa amuna onyamula mikondo aja anali asilikali a dziko la Ireland omwe boma linabwereketsa kwa Mel Gibson, mkulu amene anapanga filimuyo.

Koma musaone ngati zinayamba ndi iyeyo. Kale mu 1910, Sidney Olcott anawoloka nyanja kuchokera ku America ndi kamera yake n'kukajambula ku Kerry. Mu 1952 kunatuluka The Quiet Man ya John Ford, yojambulidwa m'mudzi wa Cong, ndipo mpaka lero alendo amapitako kukaona malo ake. Kwa zaka zambiri Ireland inali ngati munda wobwereketsa: mwini nthaka alipo, koma wokolola ndi wina. Ngakhale situdiyo ya Ardmore, yomwe inatsegulidwa ku Bray mu 1958, inkadalira kwambiri makampani akunja.

Boma linakhazikitsa Irish Film Board kuti lizithandiza eni dziko ndi ndalama, koma mu 1987 linaitseka. Taonani manyazi ake: patangopita zaka zitatu, filimu ya Jim Sheridan, My Left Foot, inatenga mphoto ziwiri za Oscar, ina n'kupita kwa Brenda Fricker, mayi wa ku Dublin. Mu 1993 nduna Michael D. Higgins, amene anadzakhala pulezidenti, anatsegulanso bungwelo. Kuchotsera msonkho ojambula mafilimu n'komwe kunakopa anthu ngati a Gibson. Ndiye alamu anu sanalote ayi.

Kalata yachiwiri ndi ya chemwali wina amene ali pasukulu ku Dublin. Akuti: "Ndinadabwa ku kanema kuona eni dziko akuwerenga mawu a pansi ngati ine mlendo, chonsecho filimuyo ndi yawo yomwe. Zimatheka bwanji?"

Achemwali, ndikuganiza kuti munaonera An Cailín Ciúin (kutanthauza "Kamtsikana Kofatsa") ya Colm Bairéad, ya mu 2022. Ili m'Chiairishi, chinenero cha makolo awo. Ana amachiphunzira kusukulu, koma ambiri pakhomo amalankhula Chingerezi. Chimamveka tsiku ndi tsiku makamaka m'madera a kumadzulo ngati Connemara. Wailesi ya kanema ya TG4, yomwe inayamba mu 1996 kuti iziulutsa m'chinenerochi, inaikapo ndalama pa filimuyi, ndipo inakhala yoyamba ya chinenerochi kupikisana nawo pa Oscar ya mafilimu a maiko ena. Siinapambane, koma ine ndinaiwonera ndili duu, kamtsikana kaja sikalankhula zambiri koma kamakufika pamtima.

Valani zofunda kumeneko, tamva kuti kukuzizira. Tiyeni timvere kanyimbo, tikabwerako tili ndi kalata ya ku Karonga.