Kodi Kuyenda Ndawala Tsiku Lililonse Kumafuna Tsiku Lopuma?

Muli bwanji nonse amene mukuonera? Lero tili mu mzinda wa Zomba, ndipo funso lathu ndi ili: munthu woyenda ndawala m'mawa uliwonse, kodi azidumphitsa tsiku kuti thupi lipume?

Ngati mukuyenda pamalo athyathyathya, monga kuchokera ku Matawale kulowa m'tauni, yankho ndi ayi. Nkhani yopuma ija imakhudza kwambiri anyamata onyamula zitsulo. Iwowo amang'amba timinofu ting'onoting'ono akamanyamula, ndiye mnofu umafuna maola pafupifupi 48 kuti udzikonze. Kuyenda sikupweteka minofu choncho. Mukadya bwino n'kugona tulo tokwanira, m'mawa thupi limakhala litabwerera kale.

Ndawala yake ndi iti? Ndi ija mumaponda mapazi pafupifupi 100 pa mphindi imodzi. Mpweya umakwera, mumatha kucheza ndi mnzanu, koma nyimbo ya kwaya simungayimbe mpaka kumapeto.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2020, limati munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi otere kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Mukayenda mphindi 30 tsiku lililonse, zimakwana 210. Simunapyole malire ayi.

Amene muli ndi matenda a shuga, tcherani khutu apa. Mukayenda, minofu imakoka shuga m'magazi mosavuta, koma phindu limeneli limatha pakadutsa tsiku limodzi mpaka atatu. N'chifukwa chake madokotala amalangiza kuti musakhale masiku oposa awiri otsatizana osachita kanthu. Kwa inu, kupuma nthawi yaitali ndiye kolakwika.

Koma kuno ku Zomba tili ndi phiri, ndipo phiri limasintha nkhani yonse. Mukakwera wapansi mpaka ku Chawe kapena ku damu la Mulunguzi, umenewo sitingauwerenge ngati ulendo wa masiku onse. Chodabwitsa ambiri n'choti chimene chimapweteka kwambiri si kukwera, ndi kutsika. Potsetsereka, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira mabuleki pa sitepe iliyonse, ikukokeka uku italimba. Ululu wake subwera tsiku lomwelo. Umayamba mawa lake, n'kufika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72. Mudzaona Lolemba mukulephera kukhala pa mpando bwinobwino chifukwa cha ulendo wa Loweruka. Pamenepo musakakamize kubwereranso kuphiri. Ingoyendani pang'onopang'ono pamalo osakwera, monga mu Botanical Gardens, mpaka miyendo imasuke.

Ongoyamba kumene, makamaka onenepa kapena achikulire, yambani ndi mphindi 10 kapena 15, n'kumawonjezera sabata ndi sabata. Mtima umazolowera msanga kuposa mitsempha ndi mfundo za mafupa, ndiye musanyengeke kuti poti simukupuma wefuwefu basi zonse zili bwino.

Pumani ndithu ngati chidendene chikubaya mukangoponda pansi podzuka m'mawa, ngati bondo latupa, ngati msongolo ukupweteka pamalo amodzi, kapena ngati mwadwala malungo. Onaninso nsapato zanu, poti zakutha mbali imodzi zimapotoza mwendo. M'mwezi wa Okutobala dzuwa likamaotcha, tulukani mbandakucha ndi botolo la madzi. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kwachilendo, imani pomwepo ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.